Kodi Olandira Mtukula Pakhomo Tiwafafanize M'buku Lathu?

Mawu amene analankhulidwa pa tsiku la chikondwerero cha amayi a Mvano ku Muloza



Tsiku la chikondwerero ndi tsiku la nyimbo ndi mpunga, ndipo tikuona kuti ena maso ali kale kumiphika. Komabe atsogoleri atipatsa kanthawi kuti tifotokoze nkhani imene yakhala ikutitsutsanitsa m'misonkhano yathu kwa miyezi ingapo. Tikupemphani mutipirire.

Nkhani yake ndi ya buku lathu lija lachikuto chakuda limene amasunga amlembi. M'menemo muli maina a amayi amasiye, nkhalamba zolera adzukulu, ndi odwala a nthawi yaitali amene timawayendera. Mwambo wake tonse tikuudziwa: mbale ya ufa, sopo, kamchere, mtolo wa nkhuni, ndipo tikafika timasesa pabwalo ndi kutunga madzi. Tsono pa msonkhano wina mayi mnzathu anaimirira nati, "Amayi, ufa wathu ngwochepa, maina ngambiri. Ena mwa awa akulandira ndalama za Mtukula Pakhomo. Bwanji tiwafafanize kuti ufawo upite kwa amene salandira kanthu?" Ambiri anavomereza, ena anakana. Popeza sitinamvane, anatisankha ife anayi kuti tikayende m'makomo, tikaone ndi maso athu, tikafunsenso kwa odziwa za mabuku, kenaka tidzanene. Lero tabwera kudzanena.

Mayi amene anafunsa funsoli sanalakwe, ndipo asagwetse nkhope. Ifenso ponyamuka maganizo athu anali omwewo.

Akuluakulu muli pano mukumbukira m'mene chithandizo chinkafikira kale. Pamene abale athu a ku Mozambique ankathawa nkhondo nakhamukira kuno, makamaka kuyambira 1986, zimene zinkatsika m'malole anali matumba a ufa ndi nyemba, ndi zitini za mafuta ophikira. Pa chilala cha 1992 tinaima pamizere kulandira chimanga chachikasu chochokera kunja. Wopatsa ndiye ankasankha chimene wosauka adye. Ifenso a Mvano tinazolowera momwemo, timapereka zinthu, ndalama ayi. Pansi pa mtima tinali ndi mantha akuti wosauka ukampatsa ndalama m'manja, mawa ukazipeza kumowa.

Boma linayamba kuyesa njira ina m'chaka cha 2006 ku Mchinji, mothandizana ndi bungwe la UNICEF. Njira yake inali yopereka ndalama m'manja mwa mwini banja, popanda kumuuza chogula. Pa nthawi imeneyo munthu wokhala yekha ankalandira K600 pa mwezi, banja la anthu anayi kapena kuposerapo K1,800, ndipo pamwamba pake ankaonjezera K200 pa mwana wa ku pulaimale ndi K400 pa mwana wa ku sekondale. Imeneyi ndiyo Mtukula Pakhomo. Inafalikira pang'onopang'ono, kufikira kuti pofika 2018 inali m'maboma onse 28, kuthandiza mabanja oyandikira 300,000, ambiri a iwo otsogozedwa ndi amayi. Gawo lalikulu la ndalamazo lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja, monga Germany, Ireland, European Union ndi World Bank. Ofunidwa anali mabanja osaukitsitsa amenenso alibe manja ogwira ntchito, ndiye kuti mulibe munthu wathanzi wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu. Ndiponso kuyambira pachiyambi anaika malire, banja limodzi pa mabanja 10 aliwonse. Malire amenewa muwasunge m'mutu, tibwererakonso.

Kuti timvetse chimene ndalama yochepa chotere imachita m'nyumba, tiyenera kuyamba tayang'ana dziko lathu lino. Mukaima pa msewu wa ku Limbuli, kumtunda kuli phiri, ndipo m'munsi mwake tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekeza. Makolo a ambiri a ife anafika kuno kuchokera kutsidya, nakhala pa malo a azungu pogwira thangata. Minda imene inatsalira ife ndi tizigawo, ndipo mwana wamkazi aliyense akakwatiwa kachigawoko kamadulidwanso. Chimanga cha m'munda wotere sichifika pa Khirisimasi. Wamphamvu amakathyola tiyi ku esiteti, kapena amapalasa njinga kukapikula chimanga ku Milange. Nanga gogo wa msana wopindika achite chiyani?

Chimene amachita tonse tachiona. Mvula yoyamba ikagwa, munda umafuna mwini wake. Koma m'nyumba mulibe ufa, ndipo ana sadya mizere. Ndiye mayi amanyamula khasu, nadutsa munda wake womwe, kupita kukapalira munda wa wina kuti madzulo abwere ndi kambale ka madeya kapena makaka. Ena amaoloka Muloza kukagwira ganyu ku Mozambique kumene minda iri yaikulu, nakhalako sabata yathunthu. Pobwera amapeza udzu wapitirira chimanga chake. Amapalira mochedwa, amakolola zochepa, ndipo chaka chamawa njala imagogoda pakhomo msanga kuposa chaka chino. Si ulesi ayi. Mayi ameneyu amagwira ntchito kuposa ambiri a ife. Koma thukuta lake la Disembala ndi Januwale limakadzaza nkhokwe ya munthu wina.

Pa ulendo wathu tinafika pakhomo pa agogo ena amene akulera adzukulu anayi, mwana wawo wamkazi atamwalira. Maina sititchula pano, tinawalonjeza. Tinawapeza akusenda chinangwa pakhonde. Titapatsana moni tinawafunsa kuti, "Agogo, ndalama zija munaguliramo chiyani?" Ife tinkayembekeza kuti atiloza mbuzi, pakuti mbuzi inalipo, yomangidwa pa mtengo wa mango. Koma iwo anaika mpeni pansi nati, "Ana anga, chaka chino ndapalira munda wanga pa nthawi yake." Tinayang'anana. Kenaka anatifotokozera mwa dongosolo. Ndalama zoyamba zinathera pa ndowa ya chimanga, mchere ndi sopo. Zachiwiri anagula nkhuku ziwiri za misoti ndi yunifolomu ya mdzukulu wamkulu, amene anali atayamba kujomba chifukwa cha manyazi. Mvula itayandikira anasunga chimanga pang'ono kuseri kwa mphasa, kotero kuti pamene anzawo ankapita kuganyu iwo anali m'munda mwawo, akubzala nandolo pakati pa chimanga. Ndipo anaseka nati, "Mizere ya kumunsi ija sindinalime ine. Ndinapatsa ganyu mnyamata wa pafupi apa." Taganizani, amayi. Munthu amene moyo wake wonse wakhala wopempha ganyu, lero ndiye wopereka ganyu.

Mbuzi ija inabwera pambuyo, kuchokera ku nkhuku zija zitaswana. Iwo sanaiwerengere kwambiri. Chimene anachiona chachikulu ndi masiku awo a m'dzinja amene anabwerera m'manja mwawo.

Wina anganene kuti, "Amenewo ndi agogo amodzi anzeru." Nchifukwa chake tinapempha mphunzitsi wina wa mu mpingo muno kuti atiwerengere zimene ofufuza anapeza. Ophunzira a ku Centre for Social Research ku Zomba, pamodzi ndi anzawo a ku University of North Carolina ku America, anatsatira mabanja oposa 3,000 ku Salima ndi ku Mangochi kuyambira 2013 mpaka 2015, ena olandira, ena osalandira koma osauka mofanana. Anapeza kuti olandira ankadya kawiri pa tsiku kuposa anzawo, anali ndi nkhuku, mbuzi ndi makasu ochuluka, ana awo ankapita kusukulu, ndipo ganyu anachepetsa. Atawerengera zonse anaona kuti pa K1 iliyonse imene banja linalandira, phindu limene linaoneka pakhomo linali la K1.69. Ndalama siiswana yokha m'mpango. Imaswana chifukwa nkhuku imaikira, khasu limalima, ndipo munda wopaliridwa pa nthawi yake umabereka. Zimene anatiuza agogo aja pakhonde nzomwezo zimene ophunzirawa analemba m'mabuku.

Nanga za mowa? M'chaka cha 2014 ofufuza awiri a ku World Bank, a David Evans ndi a Anna Popova, anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America pa funso lomweli, napeza kuti kupatsa osauka ndalama sikuchulukitsa zogulira mowa ndi fodya. Ife sitinena kuti oledzera kulibe. Tiri nawo, ndipo mayendedwe awo timawadziwa. Koma woledzera mmodzi amamveka mudzi wonse, pamene amayi asanu ndi anayi amene agula mchere ndi makope a ana sachita phokoso. Tsono ife timaweruza onse ndi mawu a mmodzi uja.

Choipa chimene tinachipeza m'makomo chinali china, ndipo chinatipweteka koposa mowa. Pakhomo pena pali agogo osaona bwino. Tsiku lolandira amawakweza panjinga mdzukulu wawo wamwamuna, mnyamata wa ndevu zake. Pobwerera amati, "Anganga, ya njinga," natenga pafupifupi theka. Agogowo anatinong'oneza, nationjezera kuti tisamuuze, pakuti akakwiya adzawakweza ndani? Pakhomo pena tinapeza mayi amene ndalama zake zimatha asanazigwire. Mwana atadwala anakatenga katapila, ndipo wobwereketsayo, podziwa tsiku lolandira, amakhala atafika kale pa mthunzi wa pafupi, akudikira. Anthu awa dzina lawo liri m'kaundula wa olandira, koma mphika wawo uli monga kale. Tikadawafafaniza ife osafika pakhomo, tikadawalanda ndi kambale komwe kanawatsalira.

Tinenepo pang'ono za ana aakazi, popeza tonse tiri amayi. Ku Zomba, m'zaka za 2008 ndi 2009, kunachitika kafukufuku wotchuka pa atsikana a zaka 13 mpaka 22. Ena ankalandira ndalama pokhapokha akapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo lotere. A gulu loyamba anakhalitsa pasukulu. A gulu lachiwiri, chodabwitsa, ndiwo anachedwa kukwatiwa ndi kutenga mimba, ngakhale amene anasiya sukulu. Tanthauzo lake ife amayi sitifuna wotimasulira. Mtsikana amene ali ndi ya sopo ndi mafuta odzola sayang'ana m'thumba la bambo wa pa malire. Koma ofufuzawo atabwerera patapita zaka ziwiri ndalama zitaleka, anapeza kuti zambiri mwa zabwinozo zazilala. Chithandizo chikaima, mavuto aja amakhala akudikira pakhomo.

Apa ndipo tifike pa kuchepa kwa ndalamazi. Zakwezedwapo kangapo chiyambire 2006, koma mitengo imathamanga, ndalama ikuyenda pansi. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nigwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense wa ife anaziona pa mtengo wa sopo, shuga ndi feteleza. Mayi amene kale ankabwera kumsika ndi ndowa yodzaza ndi kandiwo pamwamba, anayamba kubwera ndi ndowa yosadzaza, ndiwo palibe. Mu 2024 mvula inadukiza, ndipo boma linalengeza za ngozi ya njala m'maboma 23. Pa nthawi zotere ndalama ya Mtukula Pakhomo imangokwanira kuti ana asagone ndi njala masiku onse. Za nkhuku ndi mbuzi zimayamba zaima.

Sitifuna kudzutsa chisoni pa tsiku la chimwemwe, koma sitingalankhule za Muloza osatchula Malichi 2023. Mvula ya namondwe Freddy inagwa masiku angapo osakata, miyala inatsika m'phiri, mitsinje inasiya njira zake, milatho inaduka. Muli mabanja pano amene sanaike maliro a abale awo chifukwa matupi sanapezeke. Zimene mabanja osauka anasonkhanitsa pang'onopang'ono kwa zaka, nkhuku, mbuzi, timalata tiwiri titatu, zinapita usiku umodzi. Ndipo namondweyu anatiphunzitsa kanthu za ndalama. M'masiku oyamba aja, misewu itaduka, ndalama inali pepala chabe. Ukagula kuti? Chofunika chinali ufa, bulangete ndi chofunda padenga, ndipo amene anabwera nazo anapulumutsa miyoyo. Koma misewu itatseguka zinthu zinatembenuka. Tikukumbukira mayi wina amene analandira ndowa ya pulasitiki kachitatu, pamene iye ankafuna misomali ndi mitengo yokhomera denga. Anagulitsa ndowa ziwiri pa mtengo wolira kuti apeze misomaliyo. Mabungwe amene pambuyo pake anapereka ndalama anachita bwino, pakuti wina anafuna mbewu yobzala kudimba, wina mphika, wina ya basi yopita ndi mwana kuchipatala. Nyumba iriyonse inali ndi bala lake, ndipo wolidziwa anali mwini nyumba.

Pali mwayi wina umene ife a kumalire tiri nawo. Ndalama imagwira ntchito pamene pali msika, ndipo ife msika tiri nawo. Chimanga, nyemba ndi makaka zimaoloka kuchokera ku Milange panjinga. Ndalama ya agogo ikafika pa Limbuli siithera pomwepo. Imalowa m'thumba la mayi wogulitsa tomato, la mnyamata wa kabaza, la telala wosoka yunifolomu, la mwini chigayo. Ena mwa amenewa muli pano, mwavala zoyera. Mwina mwakhala mukudya nawo Mtukula Pakhomo osadziwa. Ku Kenya, m'dera la Siaya, bungwe la GiveDirectly linapatsa mabanja oposa 10,000 pafupifupi madola 1,000 banja lirilonse, ndipo ofufuza anapeza kuti ngakhale mabanja osalandira anapindula chifukwa malonda anayenda, pamene mitengo siinakwere kwenikweni. Bungwe lomweli linafika kuno ku Malawi mu 2019, ndipo mu 2023 kwa Khongoni ku Lilongwe linapereka pafupifupi madola 550 kwa munthu wamkulu aliyense, kamodzi kokha.

Tatchula zimenezi kuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Ndalama yaikulu yobwera kamodzi imafolera nyumba ndi malata, imagula njinga, imatsegula kaokala. Ndalama yaing'ono yobwera kawirikawiri iri ngati mzati wochirikiza nthochi yolemedwa ndi mkoko, kuti mphepo isaigwetse. Mtukula Pakhomo ndi mzati. Amene akuganiza kuti wolandira walemera, apite akaone denga lake mvula ikugwa. Ndiponso maina amaunikidwanso pakapita zaka, ndipo ena amatsika. Mzati ukachotsedwa ife titafafaniza kale dzina, adzazindikira ndani kuti nthochi yagwa?

Tibwerere tsopano ku malire aja, banja limodzi pa mabanja 10. M'midzi yathu osauka sali mmodzi pa khumi. Pali nyumba ziwiri zoyang'anana, zonse zofolera udzu, zonse za amasiye, ina ikulandira, ina ayi. Wosalandirayo akafunsa kuti, "Ine ndalakwanji?" palibe yankho lomukhutitsa, pakuti sanalakwe kanthu, ndalama ndizo zinathera panjira. Apa mpamene pamamera nsanje, ndipo nsanje yake siichokera kwa anthu oipa. Imachokera kwa anthu anjala.

Koma taonani chimene nsanjeyo imabala. Ofufuza amene anaunika za ku Mchinji anapeza kuti mabanja atayamba kulandira, mphatso za chakudya zochokera kwa abale ndi anansi zinachepa. Titamva zimenezi tinakhala chete, chifukwa ndi zomwe tinali pafupi kuchita ife ndi buku lathu. Mayi wina wamasiye anatiuza kuti, "Chiyambire kulandira, palibe amandigawira ndiwo. Ndikadutsa pachitsime amati, abwera a malipiro." Mawu amenewa, amayi, ena anatuluka pakamwa pa ife ovala zoyera. Tisaloze chala kutali. Mmodzi wa ife anayi anavomera pamaso pa anzake kuti anawanenapo, akuyesa nthabwala. Mayiyo sanaseke. Anati ndalama zimathera pa sabata ziwiri, koma kusalidwa kumakhala mwezi wonse.

Komabe mayi yemweyo anatiuza chinthu china chimene sitidzaiwala. Kwa zaka zingapo sankabwera kutchalitchi, ndipo ife tinkati wafooka. Chifukwa chake chinali chitenje chimodzi chong'ambika ndi kusowa sopo. Kumaliro ankapita, koma ankakhala kumbuyo, popeza analibe kambale ka ufa kopereka. Atayamba kulandira anagula chitenje, nayamba kuponya kake m'mbale ya chipepeso monga anzake. Anati, "Tsopano ndikamwalira anthu adzabwera, pakuti nanenso ndimapereka." Ofufuza amawerenga mbuzi ndi makasu, koma ichi ife amayi timachidziwa kulemera kwake. Munthu amene wangoyamba kumene kubwerera pakati pa anzake, kodi ndiye timutsekere chitseko?

Tsono maganizo athu ife anayi ndi awa, ndipo msonkhano ndiwo udzagamule. Tisafafanize dzina la munthu chifukwa chakuti akulandira Mtukula Pakhomo. Koma funso la mayi mnzathu lija likadali chiimire, ufa ngwochepa. Pamenepa tikuti tisinthe zonyamula. Ufa ndi sopo zipite poyamba kwa amene salandira kanthu, ndipo pa ulendo wathu tapeza makomo otere amene sali m'buku lathu nkomwe, amlembi ali nawo maina. Kwa olandira tipite ndi zimene ndalama yawo siingathe kugula: manja. Ambiri a iwo anasankhidwa chifukwa chomwecho, chakuti pakhomo palibe manja. Tsiku limodzi la amayi khumi ndi makasu m'munda wa gogo, sabata imene chimanga chikufuna kupaliridwa, liposa mbale zambiri za ufa za mu Febuluwale. Denga lofuna udzu, chimbudzi chogumuka, nkhuni za m'dzinja, zonsezi sizifuna ndalama ya bungwe. Abambo a mu mpingo, mwamva, pa denga ndi chimbudzi tidzakuitanani.

Tikudziwa kuti izi nzolemera kuposa kutula mbale pakhonde ndi kubwerera. Ifenso tiri ndi minda yathu, ndipo imafuna kupaliridwa sabata yomweyo. Ena a ife timadzuka mbandakucha kupita kutiyi. Sitikunena kuti nzapafupi. Mwina tidzangokwanitsa makomo awiri kapena atatu m'dera lirilonse. Tiyambe ndi amenewo.

Chachiwiri ndi tsiku lolandira. Gogo aliyense wa m'buku lathu amene saona bwino, kapena sadziwa kuwerenga ndalama, akhale ndi mayi wa Mvano womuperekeza, amene iye mwini wamusankha. Woperekezayo asagwire ndalama, angoima pambali, aone kuti zawerengedwa bwino, ndi kubwerera naye mpaka pakhomo. Mdzukulu wa njinga uja akaona duku loyera pambali pa agogo ake, dzanja lidzalemera. Kumene chithandizo chimabwera pa foni, tiwaphunzitse okalamba kuti nambala yachinsinsi siyouza munthu, ngakhale woimba foni atanena kuti ndi wa ku ofesi. Ndipo mayi wa Mvano amene adzapemphe "ya sopo" chifukwa choperekeza, ameneyo nkhani yake idzafika kwa Amayi a Pampando.

Za katapila tilibe mankhwala ake okwanira. Ena anati tiwalowetse olandira onse m'banki m'khonde. Nzabwino kwa amene ali ndi kamalonda, ndipo taona amayi amene anagula mbuzi pa tsiku logawana. Koma tisakakamize gogo kutenga ngongole imene alibe pobwezera, chifukwa taonanso miphika ndi mabulangete zikulandidwa ndi anzake a m'gulu momwemo. Amene afuna kungosunga, asunge. Chimene tingathe ife nchakuti thumba lathu la odwala lifike msanga mwana akadwala usiku, mayi asanathamangire kwa wobwereketsa.

Chotsiriza nchovuta kuposa zonse, chifukwa sichifuna khasu kapena ufa. Tikafika pakhomo pa wolandira, tileke kufunsa ngati apolisi kuti, "Ndalama zija ziri kuti?" Ifenso pa ulendo uno tinayamba ndi funso lotere, ndipo tinaona nkhope zikugwa. Pakhomo pena tinaona wailesi yaing'ono pa zenera, ndipo mmodzi wa ife anakodola mnzake. Mwini nyumba anationa. Anati, "Mwaona wailesiyo? Usiku ana akagona, nyumba ino imakhala zii. Chimwalirire bambo ndinalibe womva mawu ake." Palibe anayankha. Potuluka tinagwirizana kuti funso lija tisalifunsenso, ndipo m'makomo otsatira tinkangoti, "Kodi zikuyenda bwanji pakhomo pano?" Anthu anatiuza zambiri kuposa zimene tikadafunsa.

Amayi a Pampando, lipoti lathu lolembedwa tapereka kwa amlembi, pamodzi ndi maina a makomo atsopano aja. Tikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano woyamba ukatha chikondwerero chino, mvula isanagwe, kuti ngati mwavomereza tigawane madera nthawi ikadalipo. Agogo a mbuzi aja anatiuza kuti chaka chino msana wawavuta, ndipo mnyamata amene ankawalimira mizere ya kumunsi anapita ku Joni. Ife anayi tawalonjeza kuti Loweruka la sabata yamawa tidzafika ndi makasu. Amene afuna kutsagana nafe atipeze pa chigayo tambala atalira kachiwiri, ndipo anyamule madzi akumwa, chifukwa chitsime cha kumeneko chiri kutali.